Zida za magetsi pamalo pamene mpweya ungaphulike: zofunika kudziwa ku Mangochi

Mgolo wa malita 200 umene munali petulo, ukakhutulidwa mpaka dontho lomaliza, anthu ambiri amauyesa kuti wasiya kuopsa. Nthawi imeneyo ndi pamene waopsa kwambiri. Chimene chimayaka si petulo wamadziyo koma nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo woyenera, ndipo mlingowo ndi wochepa: kuyambira magawo 1.4 kufika pafupifupi 7.6 pa magawo 100 aliwonse a mpweya. Mumgolo wodzaza, nthunzi imachuluka kupitirira mlingo umenewu, moto n'kusowa mpweya woyakira. Mumgolo wokhutulidwa, petulo wokwana supuni imodzi yaikulu wotsalira m'mphepete akwanira kufikitsa mpweya wonse wa mkatimo poti ungaphulike. Wowotcherera akangogunditsa girayinda kuti audule pakati, chivundikiro chimauluka, ndipo nthawi zambiri nkhope yake imakhala ili pomwepo.

Malamulo okhudza zida zogwira ntchito pamalo otere amayambira pa mfundo imeneyi. Kuno ku Mangochi malo ake ndi ochuluka kuposa mmene timaganizira: malo omwetsera mafuta paboma ndi m'misewu ya ku Monkey Bay ndi ku Namwera, tinyumba tosungiramo petulo wa injini za maboti m'madoko a asodzi, mashopu a gasi wophikira, makhitchini a malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, zipinda za mabatire a sola, malo okonzerako sitima ndi maboti, komanso zigayo za chimanga ndi mpunga.

Kumbali ya boma, udindo wa mwini ntchito woteteza antchito ake uli m'lamulo la 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, ndipo oyendera malo a ntchito amachokera ku unduna woona za ntchito. Kusunga, kunyamula ndi kugulitsa mafuta ndi gasi kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe lokhazikitsidwa ndi malamulo a zamphamvu a 2004, pamene Malawi Bureau of Standards imayang'anira miyezo ya katundu. Koma tsatanetsatane wa luso lake, monga kuti mota yotere iikidwe pati ndipo waya wake alowe bwanji, amisiri padziko lonse amautenga m'miyezo ya IEC 60079. Zida zopangidwira msika wa ku Ulaya zimabwera ndi chizindikiro cha ATEX, chochokera ku lamulo lawo la 2014/34/EU, zina zimabwera ndi chiphaso cha IECEx. Popeza zida zoterezi timagula kunja, mwini malo ndi mmisiri wake afunika kudziwa kuziwerenga okha, chifukwa wogulitsa kusitolo sadziwa kumene chidacho chikukakhala.

Kudziwa kumene nthunzi imapita

Musanagule chida chilichonse, malo ajambulidwe papepala ndi kugawidwa malinga ndi nthawi imene mpweya woyaka umakhalapo. Zone 0 ndi pamene umakhalapo nthawi zonse kapena nthawi yaitali, monga mkati mwa thanki pamwamba pa petulo. Zone 1 ndi pamene umayembekezeka kupezeka ntchito ikuyenda bwinobwino: m'dzenje la chivundikiro cha thanki, mkati mwa pampu mmene mumadutsa mapaipi, pakamwa pa paipi yopumira thanki. Zone 2 ndi pamene umangopezeka china chake chikalakwika, ndipo sukhalitsa. Amisiri ambiri amayerekeza ndi maola: oposa 1,000 pachaka ndi Zone 0, pakati pa 10 ndi 1,000 ndi Zone 1, osakwana 10 ndi Zone 2. Ku fumbi magawo ake ndi omwewo, koma manambala ake ndi 20, 21 ndi 22.

Pojambulapo, cholakwika chofala ndi kuiwala pansi. Nthunzi ya petulo imalemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya wamba, ya gasi wophikira imalemera pafupifupi kawiri. Sizikwera kumwamba. Zimayenderera pansi, kutsata ngalande, kugwera m'maenje, kulowa m'paipi yodutsamo mawaya n'kukatulukira mu ofesi kumene kuli firiji ndi soketi wamba. N'chifukwa chake dzenje kapena ngalande imene ili mkati mwa Zone 2 imawerengedwa ngati Zone 1, ndipo mapaipi a mawaya ochokera kumathanki amatsekedwa kumapeto. Chipinda chosungiramo masilinda a gasi chimafuna mipata ya mpweya m'munsi mwa khoma, pafupi ndi simenti. Mawindo a m'mwamba okha sathandiza. Lita imodzi ya gasi wamadzi ikatuluka musilinda imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya, ndipo magawo awiri okha pa 100 akwanira kuyaka.

Mpweya wa hydrogen, umene mabatire a asidi amatulutsa akamatchajidwa, umachita zosiyana. Ndi wopepuka, umaunjikana kudenga, umayaka kuyambira magawo 4 pa 100, ndipo kamoto kouyatsa n'kochepa kwambiri kuposa koyatsira petulo. Chipinda cha mabatire chimafuna potulukira mpweya pamwamba penipeni.

Mwera ukamawomba, malo a pabwalo amayera msanga, koma musajambule malo anu podalira mphepo. Jambulani poganizira usiku wabata wa mu Novembala, tsamba silikugwedezeka n'komwe.

Dizilo ndi palafini anthu amaziona ngati zofatsa, ndipo n'zoona pang'ono. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, dizilo amayamba akatentha kupitirira madigiri 50, palafini cha m'ma 38. Nambala ya palafiniyi iyang'aneni bwino: m'kanyumba ka malata kotseka masana a chilimwe kuno, mgolo ungathe kufika pamenepo. Ndipo dizilo kapena palafini akathiridwa m'chigubu chimene munali petulo, kapetulo kotsalirako kamatsitsa kwambiri kutentha kumene mafutawo amayambira kutulutsa nthunzi yoyaka. Nyali ndi mbaula za palafini zambiri zimene zimaphulika, gwero lake limakhala limeneli.

Kachitsulo kolembedwa pambali pa chida

Chida chovomerezeka chimakhala ndi kachitsulo kokhomedwa pambali, kolembedwa mwachitsanzo chonchi: II 2 G Ex db IIB T4 Gb. Chilembo chilichonse chili ndi ntchito. Ex akusonyeza kuti chidacho chinapangidwira malo amene mpweya ungaphulike, ndipo db ndi mtundu wa chitetezo chake. II akutanthauza kuti ndi cha pamtunda, osati cha mumgodi. 2 G, limodzi ndi Gb wa kumapetoyo, akunena kuti chingakhale mu Zone 1 ndi Zone 2 za gasi, koma osati mu Zone 0. Ya Zone 0 imafuna 1 G ndi Ga, pamene 3 G ndi Gc ndi za Zone 2 yokha. Chida chokhala ndi G yekha sichinayesedwe pa fumbi. Cha fumbi chimakhala ndi D. IIB ndi gulu la mpweya: IIA ndi la petulo ndi gasi wophikira, IIC ndi la hydrogen ndi acetylene wa owotcherera. Chida cha IIC chingagwire ntchito pa IIB ndi IIA, koma cha IIA kapena IIB sichingalowe m'chipinda cha mabatire.

T4 ndi kutentha kokwera kwambiri kumene kunja kwa chidacho kungafike: T1 ndi madigiri 450, T2 ndi 300, T3 ndi 200, T4 ndi 135, T5 ndi 100, T6 ndi 85. Petulo ndi dizilo zimayaka zokha, popanda lawi, zikakhudza chitsulo chotentha madigiri apakati pa 200 ndi 300, choncho zimafuna T3 kapena nambala yokwererapo.

Pali mzere wina umene kwa ife a kunyanja ndi wofunika kuposa onsewa, koma ndi umene umawerengedwa kawirikawiri mochedwa. Chida chimene pakachitsulo kake sipanalembedwe kutentha kwa malo, chinayesedwa kuti chigwire ntchito pakati pa madigiri 20 pansi pa ziro ndi madigiri 40 basi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kwa mumthunzi kumadutsa 35 masiku ena. Onjezanipo denga la malata lopanda siling'i, mota imene yakhala ikulira kuyambira m'mawa, kapena dzuwa lowomba mwachindunji pabokosi lachitsulo, ndipo malire a 40 mwawadutsa. Zikatero T4 uja sakutsimikiziranso kanthu, rabala ya zotsekera imauma msanga, ndipo chiphaso cha chidacho sichikugwiranso ntchito pa malo anuwo. Poitanitsa katundu, nenani kuti mukufuna cholembedwa Ta (kutentha kwa malo) +50 kapena +55, ndipo chokhala pabwalo chimangiridwe kadenga kotchinga dzuwa kosatseka mphepo.

Onaninso nambala ya chiphaso. Ikathera ndi chilembo X, pali zofunika zapadera zolembedwa m'chiphasomo, mwina mtundu wa mabawuti, mwina kuti chipukutidwe ndi nsalu yonyowa yokha. Ikathera ndi U, chimenecho ndi chiwalo chabe chofunika kulowa m'chida china, sichiikidwa pachokha. Ziphaso za IECEx zimapezeka pa intaneti polemba nambala yake, ndipo ndi bwino kufufuza musanalipire, pakuti zitsulo zolembedwa Ex zachinyengo zilipo pamsika.

Kumene chitetezo chimathera

Zida zambiri zimafika zili bwino. Zimawonongeka tsiku loziika kapena tsiku loyamba kuzikonza, ndipo chifukwa chake ndi kusadziwa mmene chitetezo chake chimagwirira ntchito.

Tengani bokosi la Ex d (db uja wa pakachitsulo), limene ndi lofala pa mamota ndi maswitchi. Silinapangidwe kuti mpweya woyaka usalowe. Umalowa ndithu, ndipo ukhoza kuphulikira mkatimo. Ntchito ya bokosilo ndi kupirira kuphulikako, ndi kuziziritsa lawi pamene likutuluka kudzera pa kampata kopyapyala pakati pa chivundikiro ndi thupi lake. Mukatsegula, mudzaona mlomo wachitsulo wotakata, wosalala, wonyezimira, wopanda penti. Mpata wake umayezedwa m'magawo khumi a milimita imodzi. Mmisiri akaponyapo sikuludiraiva kuti akanule chivundikiro chokakamira, kamzere kamene wasiya pamlomopo ndi njira ya lawi. Dzimbiri, limene chinyontho cha kunyanja chimalifulumizitsa, limachita chimodzimodzi. Kupakapo penti, silikoni kapena kuikapo rabala yodula pachubu kuti madzi asalowe kumasintha mpatawo. Chololedwa ndi girizi wosauma, wopaka mopyapyala. Mabawuti onse abwerere, a mtundu womwewo, omangidwa mofanana. Limodzi likasowa, chivundikiro chimafutukuka pamenepo nthawi ya kuphulika. Polowera waya pamafunika gland (chogwirira waya) yovomerezeka ya saizi ya wayayo, yolowa mazinga osachepera asanu, ndipo bowo losagwiritsidwa ntchito litsekedwe ndi chotsekera chachitsulo chovomerezeka, osati kapulasitiki kamene kanabwera nako kuchokera kufakitale. Bokosi lotere silitsegulidwa magetsi ali mkati, ndipo kuboola bowo latsopano ndi dirilo kumathetsa chiphaso chake pomwepo.

Ex e ndi njira ina: mkatimo simuyenera kuthetheka kanthu kapena kutentha mopitirira. Apa mdani ndi waya womangidwa mosalimba, fumbi ndi madzi. Mota ya Ex e imadalira overload yoikidwa pa mlingo wolembedwa pakachitsulo, yodula magetsi mota ikakakamira nthawi yolembedwa kuti tE isanathe. Magetsi akamabwera ofooka kapena phase imodzi ikathawa, overload imadula pafupipafupi, ndipo chiyeso chimakhala choikweza kapena kuilumpha ndi waya kuti ntchito iyende. Kutero ndi kuchotsa chitetezo chonse cha motayo.

Nkhani yomanganso mawaya a mota yopsa ndi yovuta, chifukwa amisiri athu amaidziwa ntchitoyi ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi mota yatsopano. Koma mota ya Ex ikamangidwanso popanda kutsata muyezo wa IEC 60079-19, ndi waya wosiyana kukula kapena milomo yake itakandika pochotsa zivundikiro, yasanduka mota wamba ngakhale kachitsulo kakadali pompo. Ikagwire ntchito kwina kopanda mafuta, ndipo kachitsuloko kachotsedwe kuti kasanamize wina mtsogolo.

Zoyezera mafuta m'thanki zambiri ndi za Ex i, zimene mphamvu yake ya magetsi imachepetsedwa kuti ngakhale waya ataduka, kamoto kake kasathe kuyatsa kanthu. Chochepetsa mphamvucho chimakhala kumalo otetezeka, mawaya ake nthawi zambiri amakhala obiriwira ngati thambo, sayenda m'paipi imodzi ndi a magetsi akuluakulu, ndipo polumikizira pake pamatalikirana ndi pa enawo mamilimita 50. Pa nyali, babu likapsa libwerere la mphamvu yomweyo, chifukwa lokulirapo limasintha T uja. Tochi wamba kapena wa pafoni salowa m'dzenje la thanki.

Moto wosachokera ku waya

Mafuta akamayenda m'paipi kapena kukhavukira m'chigubu, kukhulana kwake kumapanga magetsi amene amisiri amati static, makamaka nyengo youma. Mphamvu yoyatsa nthunzi ya petulo ndi pafupifupi 0.25 millijoule, yochepa kuposa kamoto kamene munthu amakamva pachala. Thankala ikafika, waya wa earth ulumikizidwe zivundikiro zisanatsegulidwe, ndipo uchotsedwe pomalizira penipeni. Chopanira chake chilume chitsulo chenicheni, osati penti kapena dzimbiri, ndipo poyeza pasapitirire ma ohm 10. Kukamachita ziphaliwali, kutsitsa mafuta kuime. Chigubu chithiridwe chili pansi padothi, osati pakaliyala ya njinga kapena kumbuyo kwa galimoto, ndipo mlomo wa pampu uzikhudza chigubucho mpaka kumaliza. Jenereta yothandiza magetsi akazima iikidwe kutali ndi mapaipi opumira mathanki, ndipo isathiridwe mafuta ikulira kapena ikadali yotentha.

M'boti, nthunzi ya petulo imatsikira pansi pa matabwa opondapo n'kukhala pamenepo. Asodzi a usipa ambiri tsopano amanyamula batire la nyali, ndipo limakhala pansi pomwepo pafupi ndi zigubu. Waya wongopiringiza pamutu wa batire amathetheka boti likagundidwa ndi funde. Batire likhale m'bokosi lake lomangirira, mitu yake yomangidwa ndi mabawuti ndi kuphimbidwa, mbali ina ya boti kutali ndi mafuta.

Ufa nawonso umaphulika

Ambiri sakhulupirira izi mpaka ataona nambala zake. Ufa, madeya osalala, shuga, fumbi la mpunga ndi utuchi wosalala, tikakhala tinthu tochepera theka la milimita ndipo taulukira mumpweya, timaphulika tikafika magalamu pafupifupi 50 kapena 60 pa kiyubiki mita imodzi. Fumbi lokhuthala milimita imodzi yokha pansi ponse, litati liuluke m'chipinda chotalika mamita asanu kupita kudenga, limadutsa kale mlingo umenewu. Kuphulika koyamba kumakhala kochepa, mwina mkati mwa makina. Kumagwedeza nyumba, fumbi la pamitanda ndi pamwamba pa makoma n'kugwa lonse nthawi imodzi, ndipo kwachiwiriko n'kumene kumapha. Ndi mmene zinachitikira pa fakitale ya shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth m'dziko la America mu Febuluwale 2008, pamene anthu 14 anamwalira.

Chigayo chaching'ono chotseguka m'mbali ngozi yake yaikulu ndi moto wamba, ndipo sitinganene kuti chilichonse chigule mota ya Ex. Zinthu zimasintha mwini akakulitsa ntchito: wamanga makoma mpaka kudenga, waika cyclone (cholekanitsa ufa ndi mpweya), nkhokwe yachitsulo ndi makina opakira m'matumba. Mkati mwa cyclone ndi nkhokwe ndi Zone 20, pothira ufa m'matumba ndi Zone 21, pozungulira ndi Zone 22. Zida za pamenepo zimafuna chizindikiro cha Ex t ndi gulu la fumbi la IIIB, bokosi losalowa fumbi, ndipo kutentha kwa kunja kwake kukhale kotsika ndi madigiri 75 poyerekeza ndi kumene fumbilo limanyekera litaunjikana mamilimita asanu. Likapitirira mamilimita asanu pamwamba pa mota, limaifunditsa, mota n'kumatentha kwambiri pamene fumbi lokhuthalalo limanyeka msanga.

Zoyatsa moto m'chigayo n'zodziwika: msomali kapena kawaya kolowa ndi chimanga n'kumenyana ndi nyundo, bering'i youma girizi, lamba woterereka, sitata yotseguka yodzaza ufa. Maginito wamphamvu polowera chimanga, wopukutidwa tsiku ndi tsiku, amachotsa choyambacho pa mtengo wochepa. Posesa, yambani m'mwamba makina atazima ndi kuzizira, pang'onopang'ono. Kupemerera fumbi ndi kompuresa n'kupanga dala mtambo womwe tikuuopawo. Mulu wa ufa ukamanyeka, osauthira madzi amphamvu a m'paipi, chifukwa amauulutsa, awazidwe mofatsa.

Kuwotcherera ndi kudula

Ntchito iliyonse ya moto pafupi ndi mafuta, gasi kapena fumbi iyambe ndi chilolezo cholembedwa, chosainidwa ndi woyang'anira malowo, chonena malo, nthawi ndi amene akhale tcheru ndi chozimira moto. Zothetheka za girayinda zimafika mamita 10, choncho ngalande ndi maenje a mkati mwa mtunda umenewo aphimbidwe. Mpweya uyezedwe ndi makina oyezera gasi amene ayesedwa kale kuti akugwira, pansi, pakati ndi pamwamba pa thanki. Yambani ndi oxygen, amene ayenera kukhala pafupifupi magawo 20.9, chifukwa makina ambiri amaonetsa gasi wochepa monama oxygen akachepa. Makinawo akalemba 10% LEL, sakunena kuti gasi ndi magawo khumi a mpweya. Akunena gawo limodzi mwa magawo khumi a mlingo woyambira kuyaka, ndipo pamenepo ntchito imaima anthu n'kutuluka. Powotcherera pathanki penipeni, makina aonetse ziro, ndipo kuyeza kupitirire ntchito ili mkati, popeza kutentha kumatulutsa nthunzi yatsopano m'matope a pansi ndi m'mizere yolumikizira zitsulo. Kutsuka ndi madzi ndi sopo sikuchotsa zimenezo. Kulowetsamo utsi wa galimoto, kumene ena amakudalira, sikutsimikizira kanthu, chifukwa utsiwo umakhala ndi oxygen wotsala ndiponso mafuta osapsa. Mgolo wa petulo ndi bwino kuubweza kwa eni mafuta osaudula konse.

Kuyendera ndi kusunga zolemba

Muyezo wa IEC 60079-17 umafuna kuti chida chilichonse chiyenderedwe mwatsatanetsatane chisanayambe ntchito, kenako pasapite zaka zoposa zitatu kwa zokhazikika, ndi miyezi 12 kwa zonyamulika monga matochi ndi mapampu a m'manja. Amenewa ndi malire otalikitsitsa. Kuno kumene kuli chinyontho, dzuwa lowononga rabala, makoswe odya mawaya ndi mavu omanga dothi m'mipata ya mamota, n'kwanzeru kuzungulira ndi maso mwezi uliwonse, ndi kuitana mmisiri wodziwa za Ex kamodzi pachaka mvula isanayambe, ayezenso earth pamene nthaka ili youma kwambiri.

Zonsezi zikhale m'faelo imodzi: mapu a magawo, mndandanda wa zida ndi malo ake, ziphaso, zotsatira za kuyeza, ndi chilichonse chimene chinasinthidwa ndi tsiku lake. Oyendera a boma ndi a inshuwalansi amayambira pamenepo. Mapuwo ajambulidwenso nthawi iliyonse mwasintha kanthu, monga kuika petulo m'thanki imene munali dizilo, kutseka khonde ndi khoma, kapena kulola wogulitsa masilinda a gasi kuti aike khola lake pafupi ndi mita ya magetsi.